Zala Pansi pa Utoto

Ntchito yanga yomaliza ya ku yunivesite ku Dublin inali yosamalira magalasi a zithunzi. Kale, mafilimu a m'kamera asanabwere, ojambula ankajambula pa galasi lopakidwa mankhwala, ndipo dipatimenti imene inandilemba ganyu nditamaliza maphunziro inali ndi mabokosi a magalasi otere. Onse anali a ziboliboli zosweka za Agiriki akale: phazi lokha, chifuwa chopanda mutu, mkono woduka pachigongono. Ine ndinkawapukuta, kuwalemba manambala, kenako kuwaika pamakina kuti zithunzizo zilowe m'kompyuta.

Ojambula aja anali ndi chizolowezi chimene chimandinyansa mpaka lero. Akamaliza, ankapaka utoto wakuda kumbuyo kwa galasi mozungulira chibolibolicho, kuti mwalawo uzioneka ngati unadziimika wokha. Tsiku lina ndinapendeketsa galasi limodzi pafupi ndi nyali. Linali la mutu wa mtsikana wothyoka mphuno. Pamene panali utoto ndinaona zala za munthu zitachirikiza khosi la mutuwo, chikhadabo chimodzi chong'ambika. Munthu uyu anagwada kuseri, nagwira mwala wolemera osagwedezeka nthawi yonse imene kamera yakaleyo inkafuna, kenako wojambula anangomufufuta. Dzina lake silinalembedwe paliponse. Ndinafufuza.

Popeza utoto unali kumbuyo ndipo chithunzi kutsogolo, zalazo zikanatheka kujambulidwa ndi nyali yapadera. Ndinaipempha. Akuluakulu a dipatimenti anati tidikire chaka chamawa. Chaka chamawacho chuma cha dziko chinagwa, ntchito yathu inatsekedwa, mabokosi n'kupita kunyumba yosungiramo katundu ku Coolock. Ndinalemba makalata kuti asawaike pansi. Makope ake ndili nawo, ndi mayankho omwe, onse aulemu kwambiri.

"Abambo, mwayambanso za zala zanu zija?" ankatero mkazi wanga akabwera ku shifiti yosambitsa okalamba ku Finglas. "Zangazi zatupa, koma simunazilembere kalata."

"Amayi, zanuzo ndimaziona ine. Zakezo adzaziona ndani?"

"Mwini wake anawola kalekale. Valani jekete, basi ikusiyani."

Dzinja lina kunazizira kwambiri moti madzi anaundana, mapaipi n'kuphulika m'nyumba zambiri. Ku Coolock nako paipi linaphulika, ndipo madzi anakhala osaonedwa chifukwa mlonda anali atachotsedwa ntchito. A kuyunivesite atapempha anthu odzipereka kukayanika katundu, ndinakwera basi. Mabokosi ndinawapeza pansi, pasimenti penipeni.

Nditasolola galasi lija, mankhwala onse anatsetsereka ngati therere n'kundimata m'manja. Mtsikana anapita, zala zinapita. Utoto wokha ndiwo sunasunthe, wakuda bii, ndipo pakati panatsala poyera, pooneka ngati mutu wa munthu. Chimene anapakira kubisa munthu ndicho chinapirira madzi.

Ankafuna kulitaya. Ndinalipempha, anandisainitsa pepala, nalonso ndili nalo. Galasilo limakhala pamwamba pa wadirobu, lokulungidwa m'thaulo. Kukabwera alendo ndimalitsitsa, kuliimika pawindo, n'kuloza. "Apa panali zala," ndimatero. Iwo amasuzumira, amagwedeza mutu mwaulemu monga timachitira ndi nkhalamba, ndipo mkazi wanga amadzuka kukateleka tiyi. Amene anaziona ndine ndekha, ndipo maso angawa adokotala akuti ayamba ng'ala.