Mita ya a Nsungwi

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu yathu ya ku Nkaya inaloledwa kulowa nawo mu zoni ya masewera. Ndinali mu Fomu 2, kamtsikana koonda, ndipo chinthu chokha chimene ndinkaposa nacho anzanga chinali kuthamanga. Sukuluyo inali yoyendera, ya midadada iwiri yokha, pafupi ndi njanji moti sitima ya katundu ikamadutsa aphunzitsi ankangoima ndi choko m'manja kudikira kuti phokoso lithe. Ambiri a ife tinapezeka pamenepo chifukwa mayina athu sanatuluke pamndandanda wa opita kusukulu zogonera konko. Sitinkazinena poyera, koma zinkatiwawa.

Zoniyo unali mgwirizano wa sukulu za sekondale za ku Balaka ndi ku Machinga, ndipo unayamba ife tisanabadwe. Akuluakulu ankati oyambitsa zinali sukulu ziwiri za mishoni ndi imodzi ya boma ya kutsidya kwa Shire, zimene zinkakumana kamodzi pachaka nyengo yozizira kupikisana pa liwiro, kudumpha ndi kuponya nthungo. Patapita zaka kunalowa sukulu ya Asilamu, kenako ina ya cha ku Phalula. Panalinso ina imene inachotsedwa chifukwa inajomba kawiri motsatizana, ndipo nkhani yake inkanenedwa ngati chenjezo. Sukulu zoyendera ngati yathu sizinkawerengedwa n'komwe. A hedi athu analemba makalata mpaka kutopa, ndipo yankho litabwera anatiwerengera okha pamzere wa m'mawa. A zoni anatilola mongotiyesa kwa chaka chimodzi. Tikapezeka pa malo atatu oyambirira pa mpikisano ngakhale umodzi wokha, tikhala mamembala. Tikalephera, tibwerere kwathu, mwayi upite kwa ena.

Udindo wotikonzekeretsa unagwera aphunzitsi athu a Jogalafe, bambo wamtali kwambiri moti polowa m'kalasi ankayenera kuwerama. Tinkawatchula kuti a Nsungwi, ndipo iwo ankadziwa koma ankangodzipangitsa ngati sakumva. Anali munthu wachangu, wosachedwa kupsa mtima ndiponso wosachedwa kuseka. Vuto lawo loyamba linali bwalo. Tinali ndi malo a tchire kuseri kwa makalasi, koma pasukulu ponse panalibe tepi yoyezera, pomwe kalata ya zoni inanena kuti bwalo la liwiro liyenera kukhala lozungulira mamita 400.

Nzeru anazitenga kwa mayi anga. Mayi ankagulitsa nsalu za yunifolomu pamsika wa Nkaya, ndipo ankayeza monga amayezera amalonda ambiri: kugwira nsonga ya nsalu ndi zala, kutambasula mkono, n'kufikitsa mbali inayo pamphuno atatembenuza nkhope. Imeneyo inali mita imodzi, ndipo atelala sankadandaula. A Nsungwi anaima pafupi ndi benchi la mayi Loweruka lina n'kumaonerera, kenako anagula chingwe cha khonje. Lolemba anaima pakati pa tchire lija tonse tikuona, n'kuyeza chingwecho kuchokera pamphuno mpaka kuzala, kamakumi awiri, n'kumanga mfundo. Tinachiyala pansi kamakumi awirinso mozungulira, tikukhoma zikhomo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizira zoti mayi anga ndi aafupi, ofika m'khwapa mwa a Nsungwi.

Tinalambula bwalolo ndi makasu ochokera kunyumba kwa sabata yathunthu. Chisoso chinkatimata m'masiketi, minga inkatilasa, ndipo dzuwa la ku Nkaya silinkatimvera chisoni. Mizere tinaijambula ndi phulusa limene aliyense ankabweretsa m'kathumba, ndiye kukawomba mphepo tinkayambiranso. Komabe titamaliza tinalinyadira bwalo lathu, moti ngakhale abusa a mbuzi tinkawathamangitsa akalowetsamo ziweto.

Chimene chinatisowetsa mtendere inali wotchi. A Nsungwi anali ndi pepala la nthawi zimene opambana a chaka chatha anathamanga, ndipo masana aliwonse ankatiyeza ndi wotchi yawo yapamkono. Nthawi zathu zinali zochititsa manyazi. Ine amene ndinkadziona ngati katswiri ndinkamaliza maulendo awiri ozungulira bwalo, iwo n'kuyang'ana wotchi, n'kuyang'ana pepala, n'kupukusa mutu. "Asiyatu, ukuthamanga kapena ukupita kumjigo?" Ankatero, ndipo tinkabwerezanso. Pofuna kupulumuka ndinaphunzira kusunga mphamvu. Ulendo woyamba ndinkauyenda mofatsa, wachiwiri ndinkadikira mpaka pachifuwa payambe kuwotcha, pamenepo ndiye n'kutulutsa zonse. Miyendo yanga inazolowera zimenezo mpaka sindinkafunikanso kuganiza.

Tsiku la mpikisano tinakwera sitima m'mawa kukuzizira, tili anthu osakwana makumi awiri, titanyamula zitumbuwa, nzimbe ndi chigubu cha thobwa. A Nsungwi ananyamula chingwe chawo chija m'chikwama, sindikudziwa kuti ankafuna achite nacho chiyani. Podutsa pamlatho wa ku Liwonde tonse tinathamangira kumawindo kukaona Shire, namasupuni akuyandama, asodzi ali m'mabwato, fungo la nsomba zowamba likulowa m'sitima. Kuchokera pasiteshoni tinayenda wapansi mpaka kusukulu ya boma ija, imene inkalandira alendo chaka chimenecho.

Bwalo lawo linatidabwitsa. Udzu unali wometedwa bwino, mizere ya laimu yoyera kuti mbee, ndipo ana a sukulu zinazo anavala malaya ofanana, ena mpaka nsapato za misomali kunsi. Ife tinali opanda nsapato. Ine ndinavala buluku lalitali mkati mwa siketi ndi mpango kumutu, chifukwa bambo anga anandilola kubwera pokhapokha nditavala choncho. Tikudutsa, mnyamata wina wa sukulu ya mishoni anafuula kuti, "Afika a panjanji aja, apatseni njira angaphonye sitima!" Anzake anaseka, ife tinangoyang'ana pansi.

M'mawa wonse zinthu sizinatiyendere. Anyamata athu a liwiro lalifupi anatsalira poyambira pomwe chifukwa sanazolowere kulira kwa kamfuti. Woponya nthungo wathu anaponya patali ndithu, koma anaponda mzere katatu konse. Pofika masana chiyembekezo chonse chinali pa ine, pa mpikisano wa mamita 800.

Ndinayamba monga mwa masiku onse, mofatsa, ndikuwalola atsogole. Ulendo woyamba unatha msanga modabwitsa, koma ndinati mwina ndi mantha chabe. Ulendo wachiwiri ndinkadikira kuti pachifuwa payambe kuwotcha. Sipanawotche. Nditadzutsa mutu ndinangoona chingwe chomalizira chili pafupi, atsikana anayi ali patsogolo panga. Ndinatulutsa liwiro lonse, ndinadutsa mmodzi, koma mzere unandipeza ndili wachinayi. Anzanga atatu opambanawo anagwa pa udzu akupuma mwawefuwefu, ine ndili chiimire, mphamvu zidakali tho m'miyendo. Ndinalira, osati chifukwa chotopa koma chifukwa cha ukali.

A Nsungwi anabwera akuthamanga. "Wachita chiyani iwe? Bwanji unachedwa kutuluka?"

"Aphunzitsi, bwalo ili ndi laling'ono," ndinayankha ndikusisima. "Latha ndisanayambe n'komwe."

Anayang'ana wotchi yawo. Nthawi imene ndinathamanga inali yabwino kuposa ina iliyonse imene ndinapangapo ku Nkaya. Nkhope yawo inasintha, ndipo ndinadziwa kuti apsa mtima. M'maganizo mwawo nkhani inali yoonekeratu: eni bwalo anaba mamita. Anasolola chingwe chija m'chikwama n'kulunjika kutebulo la akuluakulu, ife tikuwatsatira pambuyo.

Patebulopo panakhala mlembi wa zoni, sisitere wachikulire wa kusukulu ina ya mishoni, amene anthu ankati wakhala akusunga buku la mgwirizanowo kuyambira pachiyambi. Anamvetsera dandaulo lonse osawadula mawu. Kenako anafunsa mofatsa kuti, "Achimwene, bwalo lanulo munayeza ndi chiyani?"

"Ndi chingwe ichi, Sisitere. Mamita makumi awiri enieni, ndinayeza ndekha."

"Tationetsani mmene munayezera."

A Nsungwi anaimirira mowongoka, anatambasula mkono wawo wautali uja, anatembenuza nkhope, n'kufikitsa chingwe pamphuno monyadira. Sisitere anatulutsa tepi m'thumba, anakwera pampando kuti afikire, n'kuyeza kuchokera pamphunopo mpaka kuzala. Mita inathera chikhatho chisanayambe, zala zonse zili kunja. Aphunzitsi a sukulu zina anayamba kuseka, mpaka wina anakhala pansi atagwira m'mimba. Sisitere sanaseke. Anangoti, "Bwalo lino lili bwino. Lanu ndi limene lili ndi mtima wopatsa. Ana awa akhala akuthamanga mtunda wautali kuposa wina aliyense pano."

Sindinaonepo munthu wamkulu akuchita manyazi ngati mmene anachitira a Nsungwi tsiku limenelo. Anapinda chingwe chawo mwakachetechete n'kubwerera pansi pa mtengo pamene tinaika katundu. Tinkaganiza kuti salankhulanso mpaka ku Nkaya. Koma patapita kanthawi mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo tinazindikira kuti akuseka. Anatiitana ife atsikana anayi amene tinatsala ndi mpikisano womaliza, wopatsirana kamtengo, aliyense ulendo umodzi wozungulira bwalo. "Ndakulakwirani, ana anga," anatero. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikukunenani kuti ndinu aulesi, chonsecho wolakwa ndi mkono wangawu. Tsono mverani. Pano musasunge kanthu. Mukangolandira kamtengo, thamangani ngati mzere uli pamphuno panu, chifukwa ulidi pafupi."

Mnzanga Etelo, mwana wa akatekisiti amene tinkakhala naye desiki limodzi, ndiye anayamba. Iye anachita mtanda, ine ndinanena Bisimila chamumtima. Kamfuti katalira Etelo anachita mantha n'kuchedwa kunyamuka, koma anathamanga ndi mtima wonse. Wachiwiri wathu anatsala pang'ono kugwetsa kamtengo. Wachitatu anandipatsa tili pa nambala faifi mwa sukulu zisanu ndi imodzi.

Za ulendo umenewo ndimakumbukira zochepa. Udzu unali wozizira kumapazi, mpango unamasuka n'kutsala m'mbuyo, ndipo ndinkamva mawu a a Nsungwi pamwamba pa phokoso lonse akufuula dzina langa. Ndinadutsa mtsikana wa ku Phalula pokhota poyamba. Amene anali pa nambala fili anali wa sukulu ya eni bwalo, wa nsapato za misomali, ndipo anali patali ndithu. Koma titafika pokhota pomaliza ndinaona mutu wake ukuyamba kugwedera uku ndi uku, pomwe ine pachifuwa panali patangoyamba kuwotcha. Ndinamupeza patatsala masitepe ochepa, tinathamanga phewa ndi phewa, ndipo ndinaponya chifuwa kutsogolo n'kugwa chafufumimba kuseri kwa mzere. Ulendo uno ndinatopa zenizeni.

Oweruza anakambirana kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Kenako sisitere uja anatsegula buku lake lachikuto chakuda n'kutiitana kuti tione. Dzina la sukulu yathu linali pansi penipeni, lolembedwa ndi pensulo. Analifufuta, n'kulilembanso ndi inki. "Nambala fili," anatero. "Chaka chamawa mubwere ndi tepi."

Pobwerera tinaimba m'sitima kuchokera ku Liwonde mpaka ku Nkaya, mawu mpaka kusasa. Nditawafotokozera mayi zonse, anaseka mpaka misozi. "Iyayi, aphunzitsi amenewo asadzayerekeze kugulitsa nsalu," anatero. "Ndi mkono umenewo bizinesi ingagwe sabata imodzi." A hedi anagula tepi mwezi womwewo, ndipo a Nsungwi anayezadi bwalo lija, koma zikhomo sanazisunthe. Ana a Fomu 1 ankabwera, n'kumathamanga mtunda wowonjezerawo osadziwa, ndipo ife akuluakulu tinkasunga chinsinsi mosangalala.

Masiku ano zinthu zinasintha. Sukulu zoyendera zachuluka mu zoni moti anachita kuigawa pawiri, tsidya lino ndi tsidya ilo la Shire, opambana okha ndi amene amakumana. Palibenso zoyesedwa chaka chimodzi. Sukulu ikangotsegulidwa imalembetsa basi. A Nsungwi anapuma ntchito n'kubwerera kwawo, sisitere uja anamwalira, ndipo mbali ina ya bwalo lathu lakale panamangidwa makalasi. Latsopanolo anayeza ndi foni, ndipo akuti ndi lolondola mpaka pa sentimita. Ana a lero amaona ngati sukulu yawo inali mu zoni kuyambira kalekale, ndipo ine sindiwadzudzula, chifukwa n'zimene tinkafuna.

Chaka chatha inali nthawi ya Nkaya kulandira alendo pa mpikisano wa opambana a matsidya onse awiri, ndipo anandipempha monga kholo kuti ndithandize pachipata. Ndinaima pamenepo m'mawa ndikuona mabasi akufika ndi fumbi, a sukulu za mishoni zija, a sukulu ya boma ya kutsidya, onse amene anayambitsa mgwirizanowu. Mphunzitsi wina wachinyamata anatsika m'basi yoyamba, ana ake ali pamzere kumbuyo kwake, n'kundipatsa moni mwaulemu. Kenako anandifunsa kuti, "Mayi, inu eni ake, tikhale mbali iti?" Ndinawalozera pamthunzi.