Mayina a M'kope la aKochi

Linali Lachitatu, tsiku la mpira. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mkulu wanga Yohane anali wamkulu kwa ine ndi zaka zitatu. Tinkapopa mpira kuseri kwa tchalitchi, m'tauni yathu yaing'ono ku Burundi, pamene mfuti zinayamba kulira cha kumsika. Pampu inali m'manja mwanga, ndipo ndinapitiriza kupopa ngati sindinamve.

Inu amene munabadwira kuno ku Thyolo, aLameki mumangowadziwa ngati mkulu wampingo wa imvi amene amasinza ulaliki uli mkati. Nthawi imeneyo anali munthu wamphamvu zake. Anasiya ukalaliki pa esiteti ya tiyi, mpingo wawo n'kuwatumiza kwathu kukaphunzitsa anyamata mpira ndi Mawu a Mulungu. Ife tinkawatchula kuti aKochi.

Sitinkawakhulupirira. Munthu angachoke kutali konseko kudzangoimba wenzulo ndi kupemphera? Choipitsitsa, ankayenda ndi kope. Kwathu masiku amenewo dzina likalembedwa papepala, mwini wake sankachedwa kusowa.

M'kopemo munalibe mayina athu enieni. Ankati lilime lawo likukana, ndiye anatipatsa ena. Kamnyamata kochepetsetsa m'timu anakatcha Goliati, tonse tinafa nazo kuseka. Ine ndinakhala Mphuka. Yohane, goloboyi wathu, anakhala Changata. La Goliati tinkalidziwa m'Baibulo, koma enawo ayi. Yohane ankati ndi mayina achinsinsi, ogulitsira anyamata kwa asilikali. Kumpira ankabwerabe chifukwa cha magolovesi, koma popemphera ankatsinzina diso limodzi lokha.

Tsikulo aKochi anafika ndi lole ya mpingo ndi thumba la majezi obiriwira. Anati aliyense avale, tikupita kumalire a Tanzania. Ine ndi Yohane tinkakhala m'tauni chifukwa cha sukulu. Amayi anali kumudzi, kumapiri, ulendo wa tsiku lathunthu.

Yohane anakana. Anati apita kwa amayi wapansi, ndipo ine ndimutsatire. AKochi anamutambasulira jezi yake yachikasu.

"Changata, timu ilibe goloboyi."

Iye anavula magolovesi n'kuwaika pansi. Ataona kuti ine ndakwera kale, anandipatsa msomali wautali wodzitetezera, n'kundinong'oneza kuti aKochi akayamba zachilendo ndilumphe. Ndinaubisa mu sokosi. Ndisaname, sindinakwere chifukwa cha chikhulupiriro. Ndinkangoopa, ndipo kumapiri sindikadafika.

M'njira aKochi anaimitsa lole pansi pa mitengo ya bulugama. Anatiphunzitsa mawu awiri a Chichewa: "ndilipo" ndi "sindikumva". Anati chilankhulo chathu tichimeze mpaka malire. Anapemphera mwachidule, maso ali kumsewu. Ine ndinkayang'ana kope lija, limene linkasuzumira m'thumba la malaya awo.

Cha m'ma thili koloko tinapeza chipika chopingasa msewu. Panali amuna asanu ndi awiri. Mmodzi anali ndi mfuti, enawo zikwanje. Anatitsitsa n'kutiika pamzere.

AKochi analankhula nawo m'Chiswahili. Anawaonetsa pasipoti ya Malawi, nati iyi ndi timu ya mpingo wa kwawo, ikubwerera kumudzi. Kenako anatulutsa kope n'kulipereka kwa wamfuti uja. Mumtima ndinati basi, zimene ankanena Yohane zija ndi izi. Ndinayesa kukhudza msomali ndi phazi linalo.

Wamfutiyo anayamba kuwerenga, lilime likupunthwa. Goliati. Ndilipo. Mphuka. Ndilipo. Mawu anga anatuluka ngati a mwana wakhanda. Dzina lililonse linali lachilendo, losaonetsa kuti mwini wake ndi wa mtundu uti kapena mwana wa ndani.

Wina wachikwanje anaima pafupi nane. Ankanunkha mowa wa nthochi. M'chilankhulo chathu, motsitsa mawu, anandiuza kuti chingwe cha nsapato yanga chamasuka. Khosi langa linafuna kuwerama lokha. Ndinayang'anitsitsa mpira umene unali m'manja mwa Goliati, ndikuwerenga zigamba zake. Munthuyo anadikira, kenako anapita kwa wina.

"Changata," anawerenga wamfuti uja.

Palibe anayankha. Anaitananso. Anatiwerenga ndi mpope wa mfuti, napeza kuti mayina ndi khumi ndi awiri, anyamata khumi ndi mmodzi.

"Wavulala, watsalira," anatero aKochi.

Anatilanda mpira ndi wenzulo, n'kuchotsa chipika. Titaoloka malire ndinapeza sokosi yanga itanyowa magazi. Msomali unali utandilasa pakakolo, ine osamva.

Tinadutsa Tanzania pa malole a anthu ena. Ku Malawi anatiika kukampu ya othawa nkhondo ku Dowa. Patatha zaka ziwiri aKochi anabwera ndi kalata yondilola kukaphunzira ku Thyolo. Msomali uja ndinanyamula. Ndinkadzifunsabe kuti munthuyu akufuna chiyani kwa ine.

Tinatsika basi pa boma masana. Mapiri onse anali obiriwira ngati majezi athu aja, amayi akuthyola tiyi madengu ali kumsana. Mwadzidzidzi kondakitala wa pikapu anakuwa kuti, "Goliati! Goliati, mmodzi yekha!" Ndinatembenuka kufunafuna mnzanga wamng'ono uja.

AKochi anaseka mpaka kutsokomola. Anati Goliati ndi malo, kumene amayi awo ankagulitsa tomato. Kwa Mphuka ndi kwawo kwa bambo awo. Kwa Changata ndi kumene anakwatira, kumene mkazi wawo ankawadikira zaka zonse zija. Ndinafunsa ngati anakonzeratu zonsezo chifukwa cha nkhondo.

"Ayi, mwanawe. Ndinkangosowa kwathu. Ndikamakuitanani, ndinkamva ngati ndafika."

Ndinachita manyazi kwambiri. Popita kulayini ya nyumba za antchito a esiteti ndinatsalira m'mbuyo, n'kuponya msomali uja m'munda wa tiyi.

Anyamata khumi ndi mmodzi aja tonse tili moyo. Goliati anatalika kuposa tonse, ndipo ndi m'busa. Amayi ndinawapeza kudzera m'makalata a mpingo, patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Anandilembera kuti ankaganiza kuti Yohane ali ndi ine.

Kope lija aLameki akadali nalo, ndipo dzina la Changata sanalifufute. Ine ndimaphunzitsa mpira pabwalo la esiteti Lachitatu lililonse. Wina akanditsanzika kuti akupita kwa Changata, ndimatsala pang'ono kumutuma uthenga.