Tsiku Limene Asibweni Anafika pa Maliro Awo

Ndikukumbukira m'mawa wina wa mawawa ku Chibavi, nthawi imene nyumba zinali zotalikirana ndipo matope a m'dambo ankatimeza mpaka m'akakolo. Ndinali kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Ine chibadwire ndimaona kaye, kukhulupirira pambuyo, koma khalidweli linakhwima tsiku limenelo.

Amayi anali ndi mlongo mmodzi yekha, a Mhango, amene ife tinkawaitana kuti asibweni. Ankacheka matabwa ku Chikangawa. Kale anali a besi m'kwaya, koma nkhalango ndi kachasu zinawatenga, tchalitchi n'kuchisiya. Nkhaniyi inkawadya amayi mumtima. Asibweni akabwera kudzacheza, akununkha utuchi ndi utomoni wa paini, amayi ankawasitira malaya oyera Loweruka ndi simbi ya makala, n'kuwapachika pamsomali pafupi ndi chitseko. Lamulungu malayawo ankatsala pomwepo, mwini wake atazembera kuseri.

"Adumbu, mlongo wanga," amayi ankatero, "mukufuna tidzakukwirireni chete ngati mbatata?" Pajatu lamulo la mpingo wathu linali louma: munthu akafa atataya mapemphero, mpingo suimba pamaliro pake. Asibweni ankangoseka. "Yewo chomene, abusa. Sabata yamawa."

Ndiye m'mawa umenewo dalaivala wa lole ya matabwa anaima pamsewu n'kunena kuti mtengo wagwera munthu, ndipo waona ndi maso ake jekete lofiira la a Mhango pansi pa nthambi. Palibe anamufunsa ngati waona nkhope. Palibe! Amayi anangogwa pakhomo. Pofika masana mipando inali panja, moto wayaka, azibambo ena anyamuka kukatenga thupi.

A Gondwe, mkulu wa mpingo, anafika ndi ambulera yawo yakuda. Anavula chipewa n'kulengeza modekha kuti mpingo wabwera kudzapepesa ngati anansi, koma nyimbo ayi, yunifolomu ayi. Kunangoti zii. Ndinali ndisanaonepo maliro opanda nyimbo. Unkamva nkhuni zonyowa zikulira pamoto, ndi madontho akugwa kuchokera pamalata.

Amayi analowa kuchipinda. Potuluka anali atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera la amayi a mpingo. Anaima pakati pa bwalo, mvula ikuwawaza, n'kuyamba nyimbo okhaokha. Amayi anga amenewo, amene sankatha kutsutsa ngakhale wogulitsa makala! Ndipo sanaleke. Azimayi anzawo anagwira pakamwa, ena kuzyolika.

"NyaMhango, mukudziwa chimene mukuchita?" anafunsa a Gondwe.

"Ndinalephera kumubweza ali moyo," anayankha amayi. "Ndimuperekezenso chete?" N'kupitiriza nyimbo.

Ine ndinakhala moyang'ana kunjira, monga mwa chizolowezi changa. Ndinaona munthu ataima kuseri kwa mpanda, sowo paphewa, wopanda jekete, akumvetsera zonsezo. Ndinatikita maso n'kuyang'ananso. Kenaka, pansi pa mawu a amayi, panalowa besi.

Anthu inu! Wina anakuwa kuti mzukwa. Mayi wina wonenepa anadumpha moto ngati mbuzi. A Gondwe anathawa ndi ambulera, chipewa n'kuchisiya m'matope. Amayi okha ndiwo sanasunthe. Anapita kumpanda, n'kuwatsina asibweni patsaya mwamphamvu, kuti atsimikize kapena kuti awalange, sindikudziwa mpaka lero. Tinamva pambuyo pake kuti jeketelo anabwereka mnzawo chifukwa cha kuzizira. Mnzawoyo ndiye mtengo unamugwera, anathyoka mwendo n'kukomoka, koma anachira.

Ndinkayesa kuti poti munthu ali moyo, mlandu watha. Ayi ndithu. Akulu a mpingo anati lamulo ndi lamulo: amayi avule yunifolomu, azikhala pabenchi ya kumbuyo, ya anthu obwerera, kufikira atawakhululukira. Ndinawaona akupinda bulauzi ija n'kuiika pansi pa sutikesi.

Lamulungu lotsatira ndinadzuka n'kuyang'ana pamsomali. Panalibe malaya. Nditalowa m'tchalitchi ndinawapeza asibweni pabenchi ya kumbuyo ija, pambali pa amayi, kolala ili njo, maso ali psuu. A Gondwe atawapatsa moni, iwo anangoti, "Uyu anandiimbira nonse mutatseka pakamwa. Akhale yekha kuno?" Anakhala limodzi pabenchipo mpaka tsiku limene anawalandira onse awiri, ndipo asibweni atamwaliradi, patapita zaka zambiri, kwaya inaimba mpaka kumanda.

Masiku ano uthenga wa maliro umafika pafoni, anthu n'kuyamba kulira osafunsa. Ine ndimati ndione kaye nkhope. Wofooka m'chikhulupiriro amangomutumizira vesi, basi ati amuyendera. Mdzukulu wanga amene ndimakhala naye kuno ku Lupaso wasiya mapemphero, ndipo nayenso amati, "Sabata yamawa, agogo." Sindimukhulupirira ngakhale pang'ono. Koma simbi ndili nayo, msomali ndinakhoma kale, ndipo Loweruka lililonse malaya ake amakhala pomwepo.