Jekete la a Ndau

Ndimasoka nsapato pakhonde la tiyirumu ya a Obed pa Kandeu. Ndakhalapo zaka zambiri. Ntchito yanga sifuna pakamwa, choncho ndimaona zambiri kuposa zimene ndimanena.

A Mervis Nangozo anabadwira ku Champiti, ndipo kuno anabwera pa chitengwa, kutsatira amuna awo a Cyprian Ndau. Amalima chimanga ndi kachewere ngati wina aliyense. Ana awo anayi anakula, woyamba ndi Janeti amene ali pa banja ku Lilongwe. Chimene chinasiyanitsa a Nangozo ndi anzawo ndi mawu. Pa maliro ndi iwo amayambitsa nyimbo. Sakuwa, koma akayamba, ngakhale adzukulu amasiya nthabwala zawo.

A Ndau ndi munthu wosachedwa kuchita manyazi. Anali ndi jekete limodzi lotuwa, limene anagula pa ukwati wa Janeti. Ankalivala Lamulungu ndi pa misonkhano basi. Masiku ena onse linkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko. Likapita kutchalitchi, a Nangozo ankayenda pambali pake, ndipo tonse tinazolowera kuwaona choncho.

Chaka china kunabwera mnyamata wa kuno komwe dzina lake Silvester, amene anaphunzira zojambula mafilimu kutauni. Ankafuna kujambula nkhani ya mayi wamasiye amene achibale a mwamuna akumulanda munda. Anamva a Nangozo akuimba pa maliro ena, ndipo anawatsatira mpaka kudimba. Iwo anati akafunse kaye kunyumba. A Ndau anavomera, poganiza kuti akazi awo akangoimba nyimbo imodzi n'kubwerako.

Sizinali choncho. A Nangozo ndi amene anakhala mayi wamasiyeyo. Tsiku lojambula maliro, Silvester anafuna chovala cha womwalira choti mayiyo agwire pafupi ndi bokosi. Anali atabweretsa malaya ake, koma a Nangozo anawayang'ana n'kuwabweza. Anapita kunyumba, amuna awo ali kumunda, n'kuchotsa jekete pa msomali paja. Madzulo analibwezera pamalo pake, amuna awo osadziwa.

Filimuyo itatuluka inafalikira m'mafoni. Anthu a pa Kandeu sanachedwe kulizindikira jekete. Linali ndi batani limodzi lakuda pakati pa otuwa, limene ndinasokerera ndine, chifukwa tsiku lina a Ndau anasowa telala. Anyamata a kabaza anayamba kuwapatsa moni wakuti, "Mwadzuka bwanji, malemu?" Amayi achikulire sankaseka. Iwo ankati kulirira chovala cha munthu wamoyo ndi malodza, ndiko kumuitanira imfa. Pamsika wa pa boma mayi wina wosawadziwa anagwira a Nangozo dzanja n'kuwapepesa maliro, amuna awo ali chiimire pomwepo ndi thumba la feteleza.

A Ndau sanakalipe. Anangosiya kuvala jekete lija. Mu Juni, kuzizira kwa kuno kuli pachimake, ankapita kutchalitchi ndi malaya okha, ndipo ankanyamuka msanga kuti ayende okha. Atadwala chifuwa mwezi womwewo, anthu anati mwaona. Chifuwa chinatha, koma kunyumba kwawo kunakhalabe zii. A Nangozo anandiuza tsiku lina, akudikira silipasi, kuti chakudya amadya, moni amayankha, koma munthu amene anakwatirana naye sakumuona. Anati kupepesa anapepesa, ndipo yankho linali lakuti wakufa sapepesedwa.

Patapita miyezi, Silvester anabwera ndi uthenga. Ku Lilongwe kunali mwambo wopereka mphoto kwa opanga mafilimu, ndipo dzina la a Nangozo linali pa mndandanda wa amayi anayi amene anachita bwino koposa. A Nangozo anazengereza masiku atatu. Kenaka anachapa chitenje chawo chatsopano, n'kukwera minibasi Lachinayi m'mawa kuti akafikire kwa Janeti. A Ndau sanawaperekeze pa siteji.

Mwambowo unachitika Lachisanu, ndipo pa wailesi ya kanema anati aubwereza Loweruka masana. A Obed anatulutsa mabenchi onse. Anthu anadzaza mpaka pawindo. Palibe amene ankadziwa zotsatira, chifukwa foni ya Silvester sinkagwira, ndipo a Nangozo anali m'njira akubwerera.

Mwambo utangoyamba, a Ndau anafika ndi nsapato imodzi m'manja. Ndinaitembenuza, sindinaone pong'ambika. Sindinafunse. Ndinawapatsa kampando, ndipo anakhala pafupi nane, msana kuchitseko.

Wotsogolera mwambo anali bambo wamfupi wa suti yonyezimira ngati chitini chatsopano. Ankayenda uku ndi uku, akusakaniza Chichewa ndi Chingerezi, ndipo nthabwala zake ankayamba kuziseka yekha. A Obed anamukonda. Anati munthu woteroyo angagulitse tiyi wozizira. Amayi a pabenchi lakutsogolo anati ndi wamwano, chifukwa anaseka nsapato za mkulu wina pamaso pa anthu. Ine ndinaziona nsapatozo, zinalidi zofunika kubwera kwa ine. Atasintha suti kachitatu, wina kumbuyo anafunsa ngati mphoto zonse anawina ndi iyeyo.

Opambana nawo sanapulumuke. Mnyamata amene anatenga mphoto ya filimu yoposa onse anathokoza anthu khumi ndi awiri, galimoto ya mnzake ndi kampani ya zakumwa, koma anaiwala amayi ake. Amayi a pabenchi aja anamuweruza pomwepo. A Obed anati filimu yakeyo, ya mbava za m'tauni, ndi yabwino ndithu, mumathamangitsana galimoto. Mphunzitsi wina wopuma anati kuthamanga si nkhani. Mtsikana amene anawina pa nyimbo analira osatha kuyankhula, ndipo ameneyo yekha ndi amene tonse tinagwirizana kuti anayenera.

Kenaka anafika pa amayi anayi aja. Ankaonetsa kachidutswa ka filimu ya aliyense. Ka a Nangozo kanali komaliza. Tinamva mawu aja akuyambitsa nyimbo, n'kuduka pakati. A Ndau anatembenuka. Ndikhulupirira kuti aka kanali koyamba kuonera, chifukwa m'mafoni ankakana. Pa kanema akazi awo anali atakhala pa mphasa, jekete lili pamiyendo, akulisisita kolala ndi chala chachikulu monga amachitira Lamulungu m'mawa.

Mphoto inapita kwa mayi wina wa ku Blantyre. Anthu anang'ung'udza. Wina anati za m'tauni zimathera m'tauni. Mphunzitsi uja anati tisanyoze, mayiyo wachita mafilimu ambiri ndipo amadziwa ntchito yake. Ena anayamba kuimirira.

Koma wa suti yonyezimira uja anatsika pa nsanja ndi maikolofoni, n'kuyenda pakati pa mipando mpaka pamene panali a Nangozo ndi duku lawo lobiriwira. Anagwada pang'ono mochita kunyanyira.

"Amayi athu a ku Ntcheu," anatero, "mphoto yakuphonyani, ndiye pepani kawiri. Pepani ndi mphoto, pepaninso ndi maliro a bambo."

M'holomo anthu anaseka. M'tiyirumu mwathu simunasekedwe. A Nangozo anaimirira, n'kugwira maikolofoni ndi manja awiri.

"Za mphoto zikomo, mwanawe, wawinayo wachita bwino. Koma bambo ali moyo. Dzina lawo ndi a Cyprian Ndau, ali pa Kandeu, sabata ino akukumba kachewere."

Wotsogolerayo anakanda m'mutu, n'kufunsa kuti nanga misozi yonse ija inachokera kuti, popeza ena amachita kupaka anyezi.

"Anandipatsa malaya a munthu wina, misozi inakana," anayankha a Nangozo. "Ndiye ndinakatenga jekete lawo. Nditaligwira ndinaganiza kuti tsiku lina lidzatsala lokha pa msomali. Sindinachitenso sewero ayi. Ndinawalakwira posawapempha. Koma tsikulo sindikulifuna, lichedwe."

Wotsogolerayo anasiya nthabwala. Kenaka anayang'ana kamera n'kunena kuti a Ndau, kulikonse kumene muli, mutikhululukire, takuikani m'manda musanakonzeke. Anapempha anthu onse kuti aombere m'manja mwamuna wamoyo wa ku Kandeu, ndipo holo yonse inaomba. M'tiyirumu anthu anatembenukira kuchitseko. Wa kabaza wina anatsegula pakamwa, a Obed anamuyang'ana, iye n'kutseka.

Mwambo utatha, mkangano unayambiranso. Amayi aja anati wotsogolerayo akadali wamwano, kungoti anakumana ndi munthu wamkulu. A Obed anati ayi, munthu wodziwa kupepesa pagulu ndi wosowa, chaka chamawa amubwezerenso. Mphunzitsi anabwerera pa mfundo yake yakuti oweruza sanalakwe, mayi wa ku Blantyre anayenera.

Apa ndi pamene a Ndau anayankhula, koyamba tsiku lonselo.

"Aphunzitsi, mwaonera bwino? Wa ku Blantyre uja amalira akuyang'ana kamera. Mayi a Janeti sanayang'ane aliyense. Oweruzawo alakwitsa."

Mphunzitsi anafuna kuyankha, koma anangoseka n'kunena kuti mwina mwini maliro ndi amene akudziwa bwino. A Ndau nawo anamwetulira pang'ono, kumbali. Anatenga nsapato yawo yosang'ambika ija n'kundifunsa kuti minibasi zochokera pa boma zikumafika nthawi yanji masiku ano. Ndinati cha m'ma faifi.

Dzuwa litapendeka ndinawaona akudutsa, akukankha njinga kulowera ku siteji. Kunkatentha tsiku limenelo, mwezi wa Okutobala, koma anali atavala jekete lotuwa lija, mabatani onse atamanga. Linali ndi mzere wa fumbi paphewa, pamene linatsamira khoma miyezi yonseyi. Anyamata a kabaza anawapatsa moni wa dzina lawo.

Minibasi inafika mochedwerapo. A Nangozo anatsika ndi chikwama ndi jumbo ya buledi. Ataona amuna awo anaima. Kuchokera pakhonde langa sindinamve zimene anauzana, ndipo sizinali zambiri. A Ndau anamangirira chikwama pa kaliyala. A Nangozo anatambasula dzanja n'kusasa fumbi lija paphewa, n'kukonza kolala.

Amayi achikulire ena mpaka lero amati zija sizinali zoyenera, ndipo a Nangozo satsutsana nawo. Silvester akuti ali ndi nkhani ina, ya mayi wogulitsa tomato pamsewu, ndipo ulendo uno anayamba wakafunsa kwa a Ndau. Iwo anavomera, koma anati munthu asafemo. Pa maliro enieni a Nangozo akuyambitsabe nyimbo. Lamulungu amadutsa pano awiriwiri, ndipo batani lakuda lija likadalipo. Ndinawauza kuti ndapeza lotuwa lofanana ndi enawo, koma a Ndau anati ndilisiye, anthu analizolowera.