Simenti Pansi pa Mtengo wa a Wilibala

Pamalo pomwe timachita lendi pali zipinda zisanu ndi chimodzi, mpopi umodzi, ndi mtengo waukulu pakati pa bwalo. Wosamalira bwalolo anali bambo wachikulire amene tonse tinkangowatchula kuti a Wilibala, poti sitinawaonepo akuyenda opanda wilibala yawo. Anagwira ntchito zaka makumi awiri pa makina ophwanya miyala, ndipo makinawo anawadyera makutu. Pofuna kulankhula nawo unkaima patsogolo pawo kuti azikuona pakamwa.

Lamulo lawo linali limodzi: pansi pa mtengo osalimapo, osatayapo madzi a sopo. Anachita kuzunguliza njerwa.

Ine ndinafika pamalopo ndi mwana wongoyamba kumene kukwawa. Mchemwali wake anamwalira ali ndi chaka chimodzi, kutentha thupi kwa masiku atatu basi. Ndiye wachiwiriyu ndinkamulondera ngati mkaka uli pamoto. Ndinkawiritsa supuni yake, ndinkasuzumira m'nsapato, ngakhale ntchentche ndinkayiona ngati yatumidwa.

Nyengo yotentha itafika, pansi pa mtengo panabooka mauna ang'onoang'ono, ongokwana chala. M'mwamba nyenje zinayamba kulira mpaka mutu kuwawa. Tsiku lina ndikuyanika matewera, ndinacheuka n'kupeza mwana wadutsa njerwa zija, akutafuna kanthu kokhala ndi miyendo. Ndinamupisa chala m'kamwa n'kukatulutsa.

A Wilibala anatula wilibala, natola kanthuko.

"Musaope, make mwana. Ndi malaya chabe awa, mwini wake wavula. Ali m'mwambamu, akuimbira akazi."

"Nanga maunawa? Si a zinkhanira?"

"Ndi makomo a nyenje. Siluma, ilibe ululu. Yaikazi imacheka kanthambi n'kuikiramo mazira. Tiana tikaswa timagwa pansi, n'kulowa m'nthaka, kumayamwa mizu zaka ndi zaka. Ikakula ndiye imaboola, kukwera mtengo, kufundula. Kunja kuno imangokhala milungu yowerengeka. Yolirayo ndi yamphongo, ng'oma ili m'mbali mwa mimba. Yaikazi ili phee, kumangosankha."

Mayi a chipinda chachitatu, omwe ankachapa pampopi, anaseka. "Kumeneko ndiye kosiyana ndi kwathu. Kuno amuna ali phee, ofuula ndife."

A Wilibala sanamve nthabwalayo. Anandiyang'ana nati, "Mwananga, wailesi sindiimva. Mdzukulu wanga akamalira ndimangoona pakamwa pali yasa. Koma izi ndimazimva. Chaka chonse ndimadikira mwezi uno."

Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino, sindinganame. Koma maso anga anali pa mauna. Kusukulu tinaphunzira za tizilombo, ndinakhozanso mayeso ake, komabe mantha sadziwa kuwerenga. Masana omwewo ndinapita kwa eni nyumba, ndinalira, ndinatchula maliro a mwana wanga. Ndinati ndaona chinkhanira chikulowa pauna. Sindinachione.

Loweruka kunabwera matumba a simenti, ndipo wouzidwa kuwaka anali a Wilibala omwewo. Anabwera pakhomo panga chipewa chili m'manja.

"Make mwana, pansipo pali ana a nyenje a chaka chatha, a chaka cha dzana, ena sindikudziwa n'komwe. Ndiloleni ndisiye phazi limodzi kuzungulira tsinde. Ndikhoma waya kuti kamtsikanaka kasafikepo."

Ndinaima patsogolo pawo kuti aone bwino pakamwa panga.

"Akafa mundiberekera wina, agogo?"

Anavala chipewa. Anasakaniza simenti, anathira bwalo lonse mpaka kukhudza khungwa la mtengo, nasalaza bwino, osasiya pokhumudwitsa mwana. Sankadziwa kugwira ntchito mwaulesi, ngakhale imeneyi.

Chaka chotsatira dzuwa linaswa mtengo monga mwa nthawi zonse, koma bwalo linali zii. Dera lathu n'lodzaza nyumba, mtengo waukulu wotsala unali womwewu. Ndinkawaona a Wilibala masana ataima pansi pake, mutu atapendeketsa, dzanja lili kukhutu. Ankaima pang'ono, kenako n'kunyamula wilibala. Mvula isanagwe anatsanzika, akuti miyendo yatopa, akakhala kwa mwana wawo.

Patapita miyezi paipi inaphulika pansi, okonza mipopi n'kudzaswa simentiyo. Atatembenuza chibenthu chimodzi, m'dothi munali timisewu tambirimbiri tokwera m'mwamba, tonse tothera pa simenti. Kumapeto kwa tina kunali tinyenje touma, timiyendo takutsogolo tili chokumba. Ndinawerenga mpaka khumi ndi tinayi, ndinaleka.

Ndinafunsira njira ya komwe a Wilibala anasamukira, ndinakwera basi ndi mwana. Ndinawapeza pakhonde, ataonda, akusoka nsapato ya mdzukulu. Ndinagwada patsogolo pawo n'kunena pang'onopang'ono kuti chinkhanira chija kunalibe.

"Ndinkadziwa," anatero. "Bwalo limene lija ndasesa zaka khumi."

"Bwanji simunanene kwa eni nyumba?"

"Ndikanati mayi woferedwa ndi wabodza?" Anamugwira mwana patsaya. "Wakula. Akulankhula?"

"Kwambiri, agogo. Mpaka kutopetsa."

Mwanayo anawaimbira kanyimbo kake ka kusukulu ya mkaka, mokweza ndithu. Iwo ankangomuyang'ana pakamwa, akugwedeza mutu.

Nditabwerera ndinapempha eni nyumba kuti pomwe anaswa paja asatsekenso. Anavomera. Pakadali dothi la phazi limodzi, ndipo ndinazunguliza njerwa. Nyengo yotentha yadutsa kawiri, sipanabooke una.