Chithunzi cha Tsaya Limodzi

Ndikukumbukira tsiku limene amayi anandinenepetsa m'mawa umodzi wokha. Kunali kwathu ku Balaka, mwezi wa Okutobala, nthawi ija ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ndinali sitandade thuu kaya fili, sukulu sindinapite nayo patali ndiye makalasi amandisokonekera. Chimene ndikudziwa n'choti ndinali nditangochira chikuku, ndipo thupi lonse linali litapita. Mikono ngati mapesi, mawondo kukula kuposa ntchafu. Anzanga ankanditcha Kaphesi.

Bambo anga nthawi imeneyo ankaphikira azungu ku Harare. Ndiye munthu wina wa m'mudzi mwathu anapita kumeneko n'kukawauza kuti mwana wanu uja watsala mafupa okhaokha, mayi ake sakumusamala. Bambo anatumiza mawu oti atumiziridwe chithunzi aone okha. Ngati zili zoona, Felista apite kwa azakhali ake ku Ndirande. Felista wake ndine. Azakhali amenewo, achemwali a bambo, ndinkawadziwa bwino. Iwo ankafuna wotunga madzi ndi wobereka ana awo kumbuyo, osati mwana woti amulere. Amayi atamva zimenezi sanadye tsiku limenelo, ndipo ine ndinkangowagwira nsalu kulikonse kumene akupita.

Wojambula anali a Kamwendo. Ankazungulira midzi pa njinga, kamera ili m'khosi, pa kaliyala atamangapo chinsalu chojambulidwa nyumba yosanja ndi maluwa. Titangomva belu lawo kumsewu, amayi anandikokera m'nyumba n'kutseka chitseko. Anandikulunga zitenje ziwiri pamimba, pamwamba pake juzi ya achimwene, kenako deresi yobwereka kwa mtsikana wamkulu wa nyumba yoyandikana nafe. M'masokosi anatsendereramo nsanza kuti akatumba aoneke. Kumaso anandipaka mafuta mpaka ndinayamba kunyezimira ngati chitumbuwa. Atabwerera m'mbuyo kuti andione bwino, anapukusa mutu. Masaya anali olowa, ndipo masaya sungawaveke juzi.

Pamenepo ndi pamene anavundukula poto n'kutenga zidutswa ziwiri za chinangwa chophika.

"Tsegula kukamwa. Ichi uku, ichi uku. Usatafune, Feli, wamva? Ukameza, ukupita ku Ndirande."

Ndinatuluka ndikuyenda ngati bakha. Koma a Kamwendo sanali munthu wachangu ayi. Anayamba apachika chinsalu chawo pa mtengo wa mango, chagwa, apachikanso. Kenako kuthamangitsa mbuzi. Kenako kuthamangitsa ana amene ankafuna kulowa nawo m'chithunzi. Ine ndili chiimire padzuwa, thukuta likuyenderera mkati mwa zitenje, fungo la utsi la juzi ija likundilowa m'mphuno. Ndipo chinangwa chija chinali chothira mchere, chofewa bwino, cha ufa. Malovu anadzaza m'kamwa. Ndinati ndingoluma pang'ono cha kumanzere, pang'ono pokha, amayi sadziwa. Mwana amene wangochira chikuku mumadziwa njala yake. Pamene a Kamwendo amakuwa kuti "Osagwedera!" n'kuti cha kumanzere chitafika kale m'mimba.

Kale lija chithunzi sunkachiona pompo, ndipo chachiwiri panalibe. Tinadikira milungu, ine mtima uli m'mwamba, osauza munthu. Tsiku limene chinabwera, amayi anachiyang'ana nthawi yaitali. Mwana wonenepa bwino, waima patsogolo pa nyumba yosanja, tsaya limodzi lili tumu, linalo lili phwa. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso chithunzi, kenako anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwee. Anachitumiza chomwecho. Yankho la bambo linati mwana wanenepa bwino, akhale ndi mayi ake, koma mupite naye kuchipatala, tsayalo angakhale matsagwidi.

Ku Ndirande sindinapite. Koma ndikamaganiza pano, ndimaona kuti tsiku limenelo ndinatolapo chinthu china chimene ndinayenda nacho zaka zambiri. Ndinaphunzira kuti mwana wonenepa samuchotsa kwa mayi ake. Woonda ndi amene amatengedwa. Kenako anadzabwera matenda aja anamaliza anthu m'mudzi, munthu akangoonda pang'ono anthu n'kumanong'onezana pachitsime. Ndiye kwa ife kunenepa sikunali nkhani ya kukongola yokha. Unali umboni woti uli moyo, ndipo kwanu kuli mtendere.

Nditabwera kuno ku Wakefield, ku Mangalande, n'kuyamba ntchito yosamalira nkhalamba, thupi linabwera lokha, popanda zitenje. Mashifiti ataliatali, tiyi ndi mabisiketi pa buleki, tchipisi potsika basi. Ndikatumiza chithunzi kumudzi amayi ankayenda nacho nyumba ndi nyumba. Kutchalitchi azimayi anzanga ankati, "Amake Tadala, dziko lino lakuyanjanitu!" Ine n'kumasekerera, pamene m'chikwama muli mankhwala a shuga ndi a BP. Mawondo anayamba kukana masitepe. Tsiku lina ndinagwada kuti ndiveke masokosi gogo wina wa kuntchito, ndiye kudzuka kunakanika. Gogo woti sayenda yekha ndi amene anandipatsa dzanja. Ndinaseka naye, koma ndili m'basi ndinalira.

Zoyesa ndinayesa. Kusiya shuga, kuyenda pansi, matiyi aja amagulitsana azimayi pa foni. Thupi limatsika pang'ono n'kubwerera ndi anzake. Adokotala atanditchulira za opaleshoni yochepetsa chifu, ndinakana kaye. Ndinati Mulungu anandipatsa chifu chathunthu, ine ndikadulitse bwanji? Koma ndinakhala pansi n'kuganiza ndekha. Mwana wanga Tadala sanamalize sukulu, bambo ake tinasiyana kalekale. Ine ndikagwa, amutenga ndani? Funso lake linali lomwe lija la ku Balaka, kungoti tsopano mayi ndinali ine. Ndinabwerera kukavomera. Anandidikiritsa nthawi yaitali, kundiphunzitsa kadyedwe, kundifunsa ngati ndaganiza bwino. Ndinati ndaganiza.

Sindinama kuti ndi zophweka. Masiku oyamba ndinkangomwa zamadzimadzi ngati khanda. Mpaka pano ndimadyera pa kasosala, kutafuna mpaka nsagwada kutopa, ndipo ndikafulumira chakudya chimabwerera. Mavitamini ndi a tsiku lililonse, moyo wonse. Tsitsi linathothoka kaye, khungu la m'mikono likulendewera ngati nsalu pa chingwe. Kukacheza kwa anthu ndimayamba ndapepesa, chifukwa kwathu kusiya chakudya m'mbale ndi mwano. Ena kutchalitchi anayamba kundipatsa moni wa odwala uja, wopendeketsa mutu. Koma shuga anatsika, mankhwala ambiri anandisiyitsa, ndipo masitepe ndimakwera ndikuyankhula.

Chovuta chinali chimodzi: amayi. Kwa miyezi ndinkangowaimbira foni ya mawu okha. Tsiku lina anati, "Iwe Feli, nkhope yako unagulitsa? Loweruka ndikufuna ndikuone." Lowerukalo litafika, Tadala anandipeza kuchipinda nditavala majuzi awiri, ndikuvala lachitatu. Anandifunsa m'Chingelezi chakecho ngati hita yotenthetsera m'nyumba yawonongeka. Ndinadziyang'ana pagalasi, ndipo ndinaona kamtsikana ka ku Balaka kaja, kangosowa chinangwa. Ndinavula onse. Ndinaimba foni ya vidiyo n'kumupatsa Tadala kuti agwire, ine n'kuima patali kuti ndioneke yense.

Amayi anabweretsa nkhope yawo pafupi mpaka ndinkangoona diso limodzi.

"Ukudwala?"

"Ayi amayi. Ndinkadwala muja munkandiyamikira muja."

Ndinawafotokozera zonse, za shuga, za mawondo, za opaleshoni. Anati nditembenuke, ndinatembenuka. Anati ndiyende, ndinayenda. Ndiye ndinagwada pansi, mawondo onse awiri, monga ndinkawagwadira powapatsa madzi, n'kudzuka ndekha osagwira kanthu.

"Hmm. Kaphesi wabwereranso," anatero. "Nthawi ija ndinakukulunga zitenje kuti asakutenge. Pano amafuna kukutenga ndani?"

"Shuga, amayi."

"Ndiye wakanika?"

"Wakanika."

Zinthu zinasintha ndithu. Kale chithunzi tinkachidikira milungu, lero amayi amandiona pompo, ndipo pobisa palibe. Iwo anandiwonjezera thupi kuti ndikhale ndi mayi anga, ine ndachotsa thupi kuti mwana wanga akhale ndi mayi ake. Ndikaganiza bwino, ntchito yake ndi imodzi yomweyo.

Asanadule foni anandiuza kuti ndiyandikire, aone nkhope bwinobwino. Ndinayandikira. Anayang'ana uku, n'kuyang'ana uku.

"Chabwino," anatero. "Bola ulendo uno masaya akufanana."