Wosesa Amene Anakonza Kagawidwe ka Bilu ya Magetsi

Mwamuna wake atamwalira, Make Mapasa anatsala ndi makanda awiri, kachipinda ka lendi, ndi mbiri yoti masamu analephera kawiri kusukulu. Achibale a malemu ananyamula chilichonse, ndi matiresi omwe. Mlamu wake mmodzi yekha, wosoka makushoni pakampani yopanga mipando, ndiye anamumvera chisoni n'kumupezera ntchito yosesa pomwepo.

Ankasesa kwa akalipentala, kopentera, kosokera, n'kumalizira mu ofesi ya akaunti. Mmenemo munkakhala kalaliki wachikulire amene onse ankangowatchula kuti a Magalasi. Maso awo anali atafooka, moti powerenga lisiti ankaoneka ngati akuinunkhiza.

Tsiku lina anamupempha kuti aziwawerengera manambala mokweza, iwo akulowetsa mu kompyuta. Iye anakana, nati iye ndi masamu ndi khoswe ndi mphaka.

A Magalasi anaseka. "Mwana wanga, munthu wodyetsa pakamwa patatu ndi malipiro ako aja, masamu amawadziwa."

Anayamba choncho, akamaliza kukolopa. Anaphunzira kuti mu pulogalamu ya akaunti ndalama iliyonse yotuluka ili ndi pake: guluu ndi misomali kwa akalipentala, ulusi kosokera. Zogwiritsa ntchito onse, monga lendi ndi magetsi, kompyuta inkagawa yokha monga inauzidwira. Nthawi ina analemba dizilo wa lole kosokera, ndipo a Magalasi anafunsa ngati matelala ayamba kumwa dizilo. Make Mapasa anakalirira kosungira matsache, koma m'mawa mwake anabweranso.

M'chaka chachiwiri bwana analengeza kuti atseka kosokera, poti mabuku ankaonetsa kuti kukungodya ndalama. Amayi asanu ndi mmodzi, mlamu uja ali m'gulumo, anauzidwa kuti mwezi ukatha ntchito yatha.

Make Mapasa anayang'anitsitsa pa kompyuta paja, naona kuti bilu ya magetsi ikugawidwa patatu mofanana. Chikhalirecho iye ankadziwa mkati mwa chipinda chilichonse. Macheka a akalipentala ankalira tsiku lonse, pomwe kosokera kunali makina awiri okha amagetsi. Enawo anali opalasa ndi mapazi.

Anawauza a Magalasi mwamantha. Iwo anavomera kuti kagawidweko anakaika okha kalekale, macheka aakulu asanabwere. Anamugwira dzanja ulendo kwa bwana.

"Bwana, cholakwa n'changa, koma diso ndi la mwanayu. Mumvereni."

Make Mapasa anafotokoza zonse. Bwana anaitana wamagetsi kuti ayeze chipinda chilichonse kwa sabata. Atakonza kagawidweko, zinaoneka kuti kosokera kumabweretsa phindu. Sikunatsekedwe. Mlamu uja anamukumbatira Make Mapasa mpaka kumubaya ndi singano imene inali pa bulauzi.

Kampani inamulipirira kosi ya akaunti ya Loweruka. Mayeso oyamba anagwa. Achiwiri anakhoza. Lero ndiye kalaliki wa ofesi ija, ndipo mapasa ali kusekondale. A Magalasi anapuma ntchito, koma mwezi ukamatha amatulukira, ati kudzaona ngati mwana wawo sakulakwitsa. Onse amadziwa kuti amatsata tiyi.

Inu amene munagwapo mayeso, amene mukugwira ntchito imene ena amaipeputsa: tsegulani maso pomwe mulipo, phunzirani chimene chili pafupi, ndipo mukaona chokhota, lankhulani. Mtima usagwe, abale anga. Mukagwa, dzukani, mawa mubwerenso.